Nyumba yakale ya ku Senga Bay: yambani ndi denga, matailosi adikire

Funso: Makolo anandisiyira nyumba ya zipinda zitatu ku Senga Bay. Ndi ya malata, ilibe siling'i. Mu Okutobala mumatentha moti ochita lendi sakhalitsa, ndipo mwera ukayamba mu Juni usiku mumazizira. Mayunitsi a magetsi nawo sachedwa kutha. Ndasunga K2 miliyoni. Mmisiri akuti ndiike matailosi ndi makina oziziritsa mpweya kuti lendi ikwere. Ndiyambire pati? Ndine mayi wa ku Salima.

Yankho: Mayi, ndalama zanuzo zipite kaye kudenga. Kutentha kwa mu Okutobala ndi kuzizira kwa mu Juni gwero lake ndi limodzi. Lata limatentha msanga dzuwa likawomba, ndipo usiku silisunga kufunda ngakhale pang'ono. Popanda siling'i, munthu wogona m'katimo amalandira zonse ziwiri. Siling'i imatchinga kutentha kotsika pamalata masana, ndipo nthawi ya mwera imasunga mpweya wofunda m'chipinda.

Koma musathamangire kukhoma siling'i musanaone chomwe chili pamwamba pake. Mmisiri akwere inu muli pomwepo, aone malata omwe achita dzimbiri, misomali yomwe yazuka ndi matabwa omwe chiswe chadya. Siling'i yokhomedwa pansi pa denga lodontha imafufuma ndi mvula yoyamba, ndalama n'kupita pachabe. Nthawi yomweyo itanani wamagetsi wokhala ndi chiphaso aone mawaya, chifukwa akatsekeredwa m'siling'i kuwakonza kumafuna kuphwasulanso. Ngati mukusintha malata ena, yalani pansi pake pepala lonyezimira lija amisiri amati sisalation. Malata otsalawo atsukidwe n'kupakidwa penti yoyera ya padenga, poti choyera chimabweza dzuwa. Ndipo musiye timabowo m'khoma la pamwamba pa siling'i kuti mpweya wotentha uzituluka, koma mutchingepo ndi waya wa sefa. Mukapanda kutero mwaitana mileme, ndipo fungo lake limathamangitsa wochita lendi kuposa kutentha.

Mawindo safuna ndalama zambiri. Bwezerani magalasi osweka, ikani waya wa udzudzu kuti anthu azitha kugona mawindo ali otsekula, ndipo tsekani mipata ya m'zitseko za mbali ya kummwera komwe mphepo ya mu Juni ndi Julayi imachokera. Kukhoma la kumadzulo, lomwe limapsa ndi dzuwa la masana, dzalani nimu kapena mango patali pang'ono ndi maziko.

Tsopano za mayunitsi, ndipo apa ndikufuna muwerengere nane. Babu lakale la mawati 60 likamayaka maola 5 tsiku lililonse limadya mayunitsi 9 pamwezi. La LED la mawati 9, lowala mofanana, silifika ngakhale yunitsi imodzi ndi theka. Pa mababu 6, ndiye kuti mayunitsi 54 atsika kufika pa 8. Palibe chinthu china m'nyumbamo chomwe chingabweze ndalama zake msanga chonchi. Ngati m'nyumbamo muli gizala, ndiyo mbala yaikulu: ikamatenthetsa madzi imadya mayunitsi 2 kapena 3 pa ola. Iziyatsidwa pokhapokha pakufunika madzi otentha, ndipo m'tsogolo muno muganizire gizala ya sola. Dzuwa ku Salima kuno silisowa, n'chifukwa chake ku Nanjoka kuli munda wa sola wa mamegawati 60 womwe unayamba kupereka magetsi kwa ESCOM mu 2021.

Makina oziziritsa mpweya ndikukaniza pakadali pano. Ngakhale aang'ono amadya pafupifupi yunitsi pa ola, ndipo kuwaika m'nyumba yopanda siling'i n'kutunga madzi ndi dengu. Magetsi akathima amangokhala chete pakhoma, pomwe siling'i ndi mthunzi zimagwira ntchito tsiku lililonse osalipira kanthu. Fani ya m'siling'i ikukwanirani.

Pa kagwiritsidwe ntchito ka K2 miliyoni, chotsanipo K200,000 muike padera, chifukwa nyumba yakale ukaitsekula sulephera kupeza china chowola. Funsani mitengo kwa amisiri atatu, aliyense alembe padera mtengo wa zipangizo ndi wa ntchito. Zipangizo mukagule nokha, ndipo mugule msanga: chichokereni pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama yosungidwa m'thumba ikuchepa mphamvu pomwe malata ndi penti zikukwera. Mmisiri muzimulipira gawo likatha, osati zonse poyamba. Ntchito ya padenga ithe mvula isanagwe.

Ndalama zikapanda kukwanira nyumba yonse, khomani siling'i kuzipinda zogona kaye, pabalaza mudzamalize lendi ikayamba kulowa. Chonde musapite kwa akatapila chifukwa cha ntchito imeneyi. Chiwongoladzanja chawo cha mwezi umodzi chingadye zomwe lendi yokwerayo ikanakupatsani chaka chonse. Mukawerengera phindu, musaone kukwera kwa lendi kokha. Werenganinso miyezi yomwe nyumba imakhala yopanda munthu ochita lendi akathawa kutentha, poti imeneyo ndiyo ikukudyerani ndalama zambiri. Matailosi mudzagule ndi lendi ya chaka chamawa.