Kwa mng'ono wanga wofuna kubwera ku Joni kudzapanga internship ya zachilengedwe

Sabata yathayi mwalowa imelo imene yandisowetsa tulo. Wolemba ndi mtsikana wa ku Lilongwe, wangomaliza kumene ku Bunda, akuti kabungwe kena kakang'ono ka konkuno ku Joni kophunzitsa ana asukulu za chilengedwe kamuvomera kuti adzapange internship ya miyezi 6, malipiro palibe. Funso lake ndi limodzi basi: "asisi, ndibwere kapena ndisabwere?" Mng'ono wanga, dzina lako sinditchula, koma ndikuyankha pano poyera chifukwa njira ukufuna kuyendayi ine ndinaiponda kale ndi mapazi angawa, ndipo nthawi imeneyo panalibe wondiuza kalikonse.

Ine ndinanyamuka mu Juni 2016. Basi tinakwerera pa Wenela ku Blantyre, kudutsa pa Mwanza, Zobue, mlatho wa Zambezi ku Tete, Nyamapanda, Harare, kenako Beitbridge komwe tinaima pamzere usiku wonse mpaka miyendo kutupa, ndiye kudzatsika pa Park Station m'mawa ndili ndi kajuzi kamodzi kopyapyala. Palibe anandiuza kuti Joni ili pamtunda kuposa tauni ya Dedza, mamita oposa 1,700, ndipo kuti kuzizira kwa Juni wa kuno kumalowa mpaka m'mafupa. Dzina loti Wenela lija m'banja mwathu si dzina wamba. Agogo anga aamuna anapita nayo Wenela yomweyo, kampani imene inkalemba anthu opita kumigodi ya ku Joni, kukakumba golide, anabwerako chisanafike chaka cha 1974 pamene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu n'kuletsa zolemba anthu akumigodi. Anabwera ndi njinga, wailesi, ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka tinawaika m'manda. Ndiye tsiku limene ndinaona koyamba mapiri achikasu aja a ku Riverlea ndi ku Soweto, milu ya dothi lotuluka m'migodi kuyambira pomwe golide anapezeka mu 1886, ndinangoti kakasi, mumtima ndikuti penapake mmenemu muli thukuta la agogo. Ukadzakhala kuno mu Ogasiti udzaona wekha mphepo ikuulutsa fumbi limenelo n'kumalithira m'nyumba za anthu, m'mbale za chakudya, m'mapapo mwa ana, ndipo fumbilotu lili ndi uranium. Nkhani ya chilengedwe kuno imayambira pamenepo, osati pa njovu ndi mikango ayi.

Kabungwe kanga kanali ka anthu atatu, ofesi yake inali kontena kuseri kwa sukulu ina ya pulayimale ku Alexandra, komwe timangoti ku Alex, kufupi ndi mtsinje wa Jukskei. Mayi amene ankakayendetsa anali munthu wa mtima wabwino zedi, mbewu za sipinachi ndi makeni othirira ankagula ndi ndalama za m'thumba mwawo. Ine ndinafika ndi satifiketi yanga komanso zonse zija tinkaloweza ku wildlife club kuyambira sitandade 5: tisataye zinyalala paliponse, tibzale mitengo, tisaotche tchire. Tsiku loyamba ndinaima kutsogolo kwa ana, ndinayankhula bwinobwino m'Chingerezi, mtengo ndinaujambula pabolodi ndi mizu yake yomwe. Nditamaliza, kamtsikana kena ka zaka mwina 11 kanakweza mkono n'kundifunsa mwaulemu ndithu kuti kwawo ku Setswetla zisakasa zinathithikana moti galimoto singalowe, bini kulibe, ndiye mapampasi a mng'ono wake akawataye kuti ngati si mumtsinje? Ndinasowa chonena. Madzulo ake mu takisi misozi inangotsika yokha, chifukwa ndinazindikira kuti ndatha ola lathunthu ndikuimba ana mlandu pa zinthu zimene sanayambitse ndi iwo.

Apa ndinena mosapsatira, olo ena akhumudwe. Maphunziro ambiri a zachilengedwe amene timapatsa ana a anthu osauka ndi kuwanyoza chabe. Timawauza kuti asamale madzi pomwe mabanja ambirimbiri akutunga pampopi umodzi, pamene tsidya lina la msewu wa M1, ku Sandton, anthu akuthirira kapinga tsiku ndi tsiku. Kwathu n'chimodzimodzi, timakalipira mayi wa ku Ndirande kuti bwanji akuphikira makala, ngati kuti pali china chimene tamupatsa choti aphikire nsima ya ana ake. Ngati ukubwera kudzachita zoterezi, mng'ono wanga, bola ungokhala konko.

Amene anandiphunzitsa ntchito ineyo ndi bambo ena a ku Lesotho okoka trolley. Kuno udzawaona m'bandakucha anthu amenewa, atadziphimba kumaso chifukwa cha mphepo, akukoka zimatumba zikuluzikulu pamatayala m'mphepete mwa msewu, amatola m'mabini a m'mayadi galimoto ya zinyalala isanafike. Bambowa ankakonda kupumira pageti la sukulu. Tsiku lina anationa ine ndi ana tikuthira chilichonse m'thumba limodzi, anapukusa mutu, anatenga botolo n'kulitembenuza kundionetsa kanambala kali kunsi kwake. 1 ndi PET, mabotolo a zakumwa aja, ndipo oyera mbee amagulidwa bwino kuposa obiriwira kapena a bulawuni. 2 ndi HDPE, zigubu za mkaka ndi za sopo wamadzi. Mapepala oyera paokha, makatoni paokha, zitini pazokha, ndipo katoni ikangopakika mafuta basi yatha ntchito, palibe angaigule. Zaka zonse ndinakhala ku koleji zimenezi sindinazimvepo. Ndinawapempha mayi aja kuti bambowa adzalowe m'kalasi adzaphunzitse okha, poyamba iwo eni anakana ati zovala zawo n'zakuda, koma anabwera, ndipo ana ena amene makolo awo amagwira ntchito yomweyi, omwe ankabisa chifukwa cha manyazi, tsiku limenelo ndi amene ankapikisana kuyankha mafunso onse. Mnyamata wina anaimirira n'kunena mokweza kuti amayi ake amadziwa mitundu yonseyi ndi maso okha osayang'ana nambala. Kufikira lero ndikakumbukira nkhope yake thupi limandichita tsembwe. Masiku ano anthuwa ali ndi bungwe lawo, African Reclaimers Organisation, ukadzafika uwafunefune ukakhale nawo pansi.

Kuchokera pamenepo tinayamba kutsata mtsinje wawo pamapu. Jukskei imayambira pansi pa tauni cha ku Ellis Park, imadutsa ku Alex, kukathira mu mtsinje wa Crocodile, kulowa m'damu la Hartbeespoort, kenako mu Limpopo mpaka kunyanja ya mchere ku Mozambique. Nditaona zithunzi za damulo litatsekeka ndi zomera zobiriwira ndinakuwa kuti namasupuni! Yemweyo amene amativutitsa mu Shire n'kumakatseka makina a magetsi ku Nkula. Limenelo ndi tsiku limene ndinasiya kudziona ngati mlendo wobwera chimanjamanja. Ndinawaonetsa kuumba mbaula ya dothi yosatha nkhuni, kupanga manyowa a m'dzenje, kufesa mbande m'mapaketi a mkaka otha ntchito m'malo mwa machubu, zinthu zoti mwana wa kumudzi kwathu amazidziwa asanadziwe kulemba dzina lake. Iwe wa ku Bunda uli ndi zambiri kuposa zimene ndinali nazo ine, usadziderere ngakhale pang'ono.

Mu Novembala chaka chomwecho mvula inagwa yoopsa, Jukskei inasefukira, zisakasa za ku Setswetla zinakokoloka, ana athu ena anabwera kusukulu opanda yunifolomu, opanda makope, ena sanabwerenso. Mu Malichi 2023 ndili konkuno, ndikuona pa WhatsApp matope a namondwe Freddy akutsika phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndinaona nkhope zomwe zija za ku Alex. Wosauka amamanga pamalo pamene ena onse apakana, m'mphepete mwa mtsinje kapena m'tsinde mwa phiri lometedwa, ndipo madzi akabwera amayambira pa iye. N'chifukwa chake ntchito imeneyi sindinaisiye mpaka pano.

Komatu usaganize kuti zonse zinali zokoma. Panabwera ma intern awiri ochokera ku Ulaya, anthu abwino ndithu sindingawanamizire, koma iwo anali ndi nyumba ku Melville, amabwera pa Uber, ndipo zithunzi zonse za mu lipoti lopita kwa ma donor zinali zawo. Ine ndinkagona pansi m'chipinda cha msuweni wanga ku Mayfair, takisi ziwiri popita ziwiri pobwera, Loweruka ndi Lamulungu kuchapa ndi kusita m'nyumba za anthu kuti ndipeze ya transipoti, mwezi ukafika pakati chakudya chinali buledi ndi tiyi basi. Zinkandiwawa, ndipo zimandiwawabe ndikaona ana a kwathu akupirira zomwezo mwakachetechete poopa kuti akayankhula awachotsa. Mawu oti grassroots, kutanthauza kabungwe kakang'ono ka anthu wamba a m'dera, asakhale pobisalira. Bungwe limene likulephera kukupatsa olo ya takisi yokha silinakonzeke kukhala ndi intern, ndipo limene likuti iweyo ulipire kuti ugwire ntchito ulithawe, usacheuke n'komwe.

Za mapepala

Apa ndi pamene ndinalakwitsa kwambiri ndipo sindikufuna kuti iwe ubwereze. Pasipoti ya Malawi imakupatsa masiku 30 okha paboda. Ine ndinalowa ndi masiku amenewo poganiza kuti bungwe likonza zotsalazo, koma iwo sankadziwa n'komwe kuti pali zoti akonze, ndiye mwezi ndi mwezi ndinkakwera basi kupita kuboda kukadinditsa, mtima uli m'mwamba, tindalama tonse tikuthera m'njira. Ukapitiriza masiku amakulemba kuti ndiwe undesirable, sungalowenso kwa chaka chimodzi, ukapitiriza ndi masiku oposa 30 ndi zaka 5, ndipo akakugwira m'tauni ndi ulendo wa ku Lindela ku Krugersdorp, komwe amatsekera obwera opanda mapepala asanawabweze kwawo. Ilipo viza ya anthu ogwira ntchito mongodzipereka, ili pa gawo 11 la Immigration Act ya 2002, umafunsira udakali kumudzi kudzera ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe, kalata ya bungwe ili m'manja. Viza imeneyi siikulola kulandira salale kapena kugwira ntchito ina. Maganyu aja ndinkachita ine anali kunja kwa lamulo, ndipo tsiku lililonse ndinkayenda ndi mantha.

Udziwenso kuti ku Alex komweko ndi kumene zipolowe zothamangitsa obwera zinayambira mu Meyi 2008, anthu 62 anafa m'dziko muno. Sindikukuopseza ayi, chifukwa amayi a ana aja ndi omwe ankandiperekeza kokwerera takisi kukakhala mphekesera zoti kuvuta. Koma Chizulu uchiphunzire msanga, kwa ife sichivuta, imvula ndi mvula, inyama ndi nyama, umuntu ndi munthu, ndipo ana amakumasukira kwambiri ukawapatsa moni m'chilankhulo chawo.

Chinanso chimene chakhala chikundivuta chilandirireni imelo yako n'choti n'chifukwa chiyani ife timaona ngati kuphunzira kuli kunja kokha. WESM, bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, ili ndi makalabu m'masukulu, Lilongwe Wildlife Trust ili pakhomo pako pomwepo. Chaka chilichonse kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo dziko lonse limabzala mitengo, koma wokaithirira mu Okutobala ndi kuitchinga ku mbuzi amasowa, ndipo zimenezi zimandipweteka mtima. Majumbo opyapyala analetsedwa mu 2015, khoti la Supreme linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, koma tapita ukaone mmene alili mbwee mu Lingadzi ndi mu Mudi. Ngati sunaimepo kutsogolo kwa ana a ku Kauma kapena ku Mtandire, yamba mawa lomweli uku ukudikira mapepala, kuti funso ngati lija linandiliza ine likakupezere kwanu, m'Chichewa, komwe ungathe kuyankha.

Ndiye yankho langa ndi loti bwera, koma pokhapokha izi zitatheka. Uwafunse nambala yawo ya NPO, imene amapatsa mabungwe osapanga phindu, uione ngati ilidi m'kaundula wa Department of Social Development ya kuno. Akulembere kalata yonena ntchito yako, wokuyang'anira, ndi zoti ya transipoti azikupatsa. Akupatse foni ya intern amene anadutsapo kale ucheze naye. Ukhale ndi viza, ndalama ya lendi ndi chakudya ya miyezi 6 yonse, komanso ya basi yobwererera uisunge padera osaikhudza. Usabwere ndi maganizo oti internship ikutsegulira ntchito kuno, tibungwe timeneti timalephera kulipira ngakhale eni ake.

Kalatayo akakutumizira unditumizirenso ine ndiiwerenge, ndipo undiuze dera limene ali, ndidzakwera takisi Loweruka lina ndikaone ndi maso anga ngati kulidi ana ndi dimba. Jekete yokhuthala ndi masokosi ugule pa kaunjika konko, kuno n'zodula.