Filimu yopanda mwini wake: yankho kwa mnyamata wa ku Lizulu

Imelo ya sabata ino yachokera kwa mnyamata wina amene ali ndi kanyumba koonetsera mafilimu pamsika wa Lizulu. Akuti Loweruka lapitali anaika filimu ya nkhondo imene mnzake anamuikira pa fulashi, ya asilikali a ku Japan okhala m'mapanga pachilumba cha mchenga wakuda, kumalemba makalata opita kwawo. Isanafike n'pakati pomwe anthu anayamba kung'ung'udza, ndipo itatha ena anaima pakhomo kuti awabwezere ndalama zawo. Funso lake ndi ili: "Akulu, opanga mafilimu otere amakhala mbali ya ndani? Ngwazi ndi uti ngati onse akuoneka anthu abwino? Ndiifufute?"

Musaifufute, achimwene. Koma makasitomala anuwo ndikuwamvetsa, chifukwa inenso ndinakulira pa benchi ngati yanuyo kuno ku Dedza. Lamulo tinkalidziwa tonse: mwini filimu safa. Akhoza kuwomberedwa paphewa, amanga kansanza, n'kupitiriza. Adani ake amagwa ngati mapesi, makumi asanu pa mphindi imodzi, ndipo palibe amafunsa kuti wagwa uja amake ndi ndani. Munthu walipira kuti aone zimenezo, inu n'kumupatsa maliro a maola awiri, a m'Chijapani. Akanapanda kudandaula ndikanadabwa.

Mmene mwailongosoleramu, filimuyo ndi Letters from Iwo Jima, ya Clint Eastwood, ya mu 2006. Chimene mnzanu sanakuuzeni n'chakuti ili ndi mapasa ake. Chaka chomwecho Eastwood anatulutsanso Flags of Our Fathers, nkhondo yomweyo, chilumba chomwecho, koma kamera ili kwa Aamerika. Nkhondoyo inayamba pa 19 February 1945 ndipo inatha patadutsa masabata asanu. Aamerika anafa pafupifupi 6,800. Ajapani analipo pafupifupi 21,000, ndipo anatsala amoyo ndi ochepa kwambiri. Mkulu wawo, Tadamichi Kuribayashi, anakhalako ku America asanayambe kumenyana, ankadziwa mafakitale a kumeneko, ndipo ankadziwiratu kuti chilumbacho sachiteteza mpaka kalekale. N'chifukwa chake anawakumbitsa mapanga m'malo mowaika pagombe. Cholinga chinali kuchedwetsa mdani, basi.

Tsono mukaziika ziwirizi pamodzi mumaona chinthu chimene filimu imodzi singakuonetseni. M'filimu ya Aamerika, Ajapani ndi moto wotuluka m'dzenje, alibe nkhope. M'filimu yanuyo mumalowa m'dzenje lomwelo n'kupezamo wophika buledi amene wasiya mkazi woyembekezera, mnzake akutsegula m'mimba chifukwa cha madzi oipa, iye akungofuna kubwerera kwawo. Ndipo Eastwood sanawayeretse. Muli akuluakulu ankhanza okakamiza anyamata kudziphulitsa ndi mabomba, mulinso Aamerika owombera munthu amene wakweza kale manja. Amene akuti onse akuoneka abwino sanaonetsetse.

Za ungwazi, ya Aamerika ija ndiyo imaluma kwambiri. Chithunzi chotchuka cha asilikali asanu ndi mmodzi akudzutsa mbendera paphiri la Suribachi chinajambulidwa ndi Joe Rosenthal pa 23 February, ndipo inali mbendera yachiwiri tsiku limenelo. Atatu mwa iwo anafera pachilumba pomwepo. Boma linatenga anyamata atatu n'kumawayendetsa m'mizinda kuti anthu abwereke boma ndalama za nkhondo, akuwaombera m'manja. Mmodzi, Ira Hayes, wa mtundu wa Pima, wa eni nthaka a ku America, sanapirire kutchedwa ngwazi anzake ali m'manda. Mowa unamugwira, anamwalira mu 1955. Chodabwitsa china: mu 2016 ndi 2019 gulu lankhondo la Marines linavomera kuti awiri enawo sanali n'komwe pachithunzipo. Zaka zoposa 70 dziko likutchula maina olakwika. Kulimba mtima kunalipo pachilumbapo, kwenikweni, koma dzina lakuti ngwazi linaperekedwa ndi anthu a mu ofesi amene ankafuna ndalama.

Ine poonera filimu ya nkhondo ndimayang'ana chinthu chimodzi: ndani wapatsidwa dzina. Tengani Zulu, ya mu 1964, imene ambiri a ife Angoni tinaionera ndi mtima wogawanika. Ndi nkhani ya Rorke's Drift ku South Africa, January 1879, pamene Angerezi pafupifupi 150 anateteza kamsasa kwa Azulu oposa 3,000, n'kulandira mamendulo 11 a Victoria Cross. Anthu amaiyamikira kuti inalemekeza Azulu, ndipo n'zoona, Mangosuthu Buthelezi yemwe anasewera ngati Mfumu Cetshwayo, kholo lake. Koma werengani. Azungu mumawadziwa mmodzimmodzi, uyu ndi chidakwa, uyu amaimba, uyu amakonda ng'ombe. Azulu ndi khamu lotsika phiri. Amafa mazanamazana ndipo simumva dzina. Nyimbo yomaliza ija, yoti akupereka ulemu kwa adani awo olimba mtima, inangopekedwa ndi olemba filimu. Ndipo tsiku lomwelo masana, pa 22 January, Azulu anali atasesa gulu lonse la Angerezi ku Isandlwana, anthu oposa 1,300. Filimu ya chigonjetso chimenecho inadzabwera patatha zaka 15, ndipo sinatchuke ngati inzakeyo.

Inu muli ku Lizulu, kwa Gomani. Mu 1896 asilikali a Angerezi anapha Inkosi Gomani Chikuse. M'malipoti awo inali nkhani yokhazikitsa bata. Pitani ku Nkolimbo nthawi ya Umhlangano, mwambo wa Angoni, mukamve mmene amaitchulira. Tsiku ndi lomwelo, mfuti ndi zomwezo. Akanati apange filimu ya m'malipotiwo, agogo athu ndi amene akanakhala khamu lotsika phiri lija, ndipo ife pa benchi tikanaombera m'manja akugwa, monga tinkachitira ndi anthu a ku Vietnam m'mafilimu a ubwana wathu.

Zimenezi ndinaziphunzira mochititsa manyazi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, nkhondo ya Frelimo ndi Renamo ku Mozambique itafika povuta, Dedza ndi Ntcheu zinadzaza ndi anthu othawa kwawo. Malawi yense anasunga pafupifupi miliyoni imodzi. M'kalasi mwathu munabwera mnyamata wochokera ku Angonia, Chichewa chake chofanana ndi chathu, kungoti sukulu ankati shikola. Tsiku lina ndinamulipirira vidiyo. Kanyumba kamdima, nsalu yakuda pazenera, jenereta ikulira kuseri, fungo la thukuta ndi nzimbe. Mwini filimu atayatsa mudzi wa adani, udzu wa padenga ukuthetheka, tonse tinaimirira ndi mluzu. Iye anakhala chete, manja ali pakati pa mawondo, akuyang'ana pansi pamene panali makoko a mtedza. Kenako anatuluka. Ndinamupeza panja atatsamira khoma, ndipo ine, mwa uchitsiru wanga, ndinadandaula za ndalama yanga. Anangoti, "Denga likamapsa silimveka choncho."

Sindinamufunse kuti anawotcha kwawo ndi a mbali iti. Patapita nthawi ndinamva kuti m'banja mwawo munali amuna awiri ankhondo, wina uku wina uko, ndipo sanachite kusankha, anangotengedwa. Mukamayenda pa M1 kuchoka kwanuko kubwera kuno, tsidya la msewu ndi Mozambique, ndipo kwa zaka zambiri mabwinja a masitolo opanda madenga ankaoneka pawindo la basi. Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 October 1992. Makasitomala anu ena achikulire anaoloka msewu umenewo ndi mtolo pamutu. Ameneyo safunika kumuphunzitsa kuti mdani ali ndi amake.

Filimu imene ine ndikuidikira sinapangidwe. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse makolo athu ankaitcha ya Chiwaya, dzina la mfuti yolira mosalekeza, osati chiwaya cha tchipisi chimene chili pakhomo panupo. Ku Karonga mu September 1914 anamenyana Angerezi ndi Ajeremani, koma ogwira mfuti ambiri mbali zonse ziwiri anali anthu akuda, asikari a King's African Rifles uku, asikari a Ajeremani uko. Kumbuyo kwawo kunali amtengatenga, amuna a Nyasaland pafupifupi 200,000, osenza katundu wa nkhondo pamutu, ambiri ogwidwa mokakamiza, akufa ndi kamwazi ndi njala m'njira. John Chilembwe analemba kalata ku Nyasaland Times chaka chomwecho kufunsa chifukwa chimene amphawi a kuno akufera nkhondo ya eni ake. Ku Zomba kuli chipilala cha asilikali a King's African Rifles aja. Wosenza bokosi la zipolopolo kuchokera ku Ntcheu mpaka ku Tanganyika, ndani anamujambulapo? Nanga mbali yake inali iti?

Tsono mwafunsa kuti opanga mafilimu otere ali mbali ya ndani. Ndikuganiza kuti Eastwood anali mbali ya wophika buledi uja ndi Ira Hayes, anthu awiri amene akanaphana akanakumana. Si filimu iliyonse ya mbali ziwiri imene ndimaikhulupirira, ayi. Ina imasandutsa nkhondo ngati ngozi ya mvula, yopanda woiyambitsa, pamene asilikali a Japan anachita zoopsa ku China ndi ku Korea zimene filimu yanuyo siikhudza n'komwe. Kumvera chisoni msilikali wa m'phanga sikufufuta zimenezo.

Za bizinesi, musaiike Loweruka madzulo, anthu atatopa ndi kusenza kabichi ndi mbatatesi. Nthawi imeneyo apatseni mwini filimu wawo wosafa. Yesani Lamulungu masana, ziwiri zonse motsatizana pa mtengo wa imodzi, ya Aamerika poyamba, ndipo mulembe pa bolodi kuti muno mwini filimu amafa, kuti wolowa asadzati simunanene. Pakhale wina wowerenga Chingerezi cha pansi pa sikirini kuti azimasulira makalata aja, makamaka ya mayi wa Mwamerika wovulala imene Ajapani amawerengerana m'phanga. Mukakonza tsiku mundiuze, ndikwera minibasi. Mundisungire malo pafupi ndi khomo, chifukwa masiku ano nanenso ndimatuluka denga likayamba kupsa.