Vochayo musaivomere achemwali, zanu ndi mayuro 600

Achemwali, mwachita bwino kufunsa musanasaine, paja safunsa anadya phula. Ngati ndamva bwino, ndege yanu yochokera ku Frankfurt, m'dziko la Germany, kupita ku Nairobi anaiimitsa usiku muli kale pachipata chokwerera, anati yapezeka ndi vuto la injini, munagona kuhotela yolipira nokha, ndipo munakafika mawa lake madzulo. Tsopano kampaniyo yakutumizirani vocha ya mayuro 200 yodzagulira tikiti ina, ndiye mukufunsa ngati muilandire. Ine ndikuti ayi. Musadine batani lovomereza, ndipo imelo yawo musaiyankhe mawu oti "zikomo, ndalandira".

Chifukwa chake ndi komwe ndegeyo inanyamukira. Mayiko a ku Ulaya a mgwirizano wa EU, kuphatikizapo Germany, ali ndi lamulo nambala 261 la chaka cha 2004, ndipo limateteza aliyense wonyamuka pabwalo la ndege la m'mayikowo, kaya kampaniyo ndi ya ku Ulaya kapena ya kwina, kaya pasipoti yanu ndi ya dziko liti. Chipepeso chake sichiyendera mtengo wa tikiti, chimayendera kutalika kwa ulendo: mayuro 250 pa ulendo wosapitirira makilomita 1,500, mayuro 400 mpaka makilomita 3,500, ndipo mayuro 600 kupitirira pamenepo. Frankfurt ndi Nairobi zatalikirana makilomita opitirira 6,000, choncho inu muli pa 600. Ngati munali ndi mwana amene munamugulira tikiti, nayenso ali ndi 600 yakeyake.

Lamulo lomwelo limanena kuti chipepeso chiperekedwe ngati ndalama, pamanja kapena kudzera kubanki. Vocha imaloledwa pokhapokha wokwerayo atavomera ndi kusaina. Mwaona chifukwa chake akuthamangira kuti mudine? Mukavomera, adzati nkhani inatha mwa kufuna kwanu, ndipo mavocha ambiri amakhala ndi tsiku lothera ntchito, komanso amakumangirirani kukampani yomweyo imene inakugonekani panjira.

Tsopano pamene pagona nkhani yonse ndi pa mawu akuti "vuto la injini". Kampani siilipira chipepeso ngati ulendo walephereka pa zifukwa zapadera zimene sikanatha kuzipewa: mphepo yamkuntho, chifunga, chipwirikiti cha ndale, kunyanyala ntchito kwa oyang'anira kayendedwe ka ndege mumlengalenga, kapena mbalame kulowa mu injini. Ndiye makampani ambiri amayesa kulowetsa kuwonongeka kwa ndege m'gulu lomweli, kuti wokwera agwe ulesi. Koma khothi lalikulu la EU linagamula kale mu 2008, pa mlandu wa Wallentin-Hermann, kuti kuwonongeka wamba kwa ndege ndi gawo la ntchito ya tsiku ndi tsiku ya kampani ya ndege, si chifukwa chapadera. Mu 2015, pa mlandu wa van der Lans, linabwerezanso kuti ngakhale chitsulo chitathyoka mwadzidzidzi nthawi yake isanakwane, kampani ilipirebe. Ngakhale sitiraka ya antchito a kampaniyo eni ake, khothi linati si pothawira. Ndipo udindo wobweretsa umboni woti chifukwacho chinali chapadera ndi wa kampani, osati wanu. Choncho akakuyankhani kuti "zinali zopitirira mphamvu zathu", afunseni alembe chimene chinachitika kwenikweni, tsiku ndi nthawi yake.

Za hotela ndi nkhani ina payokha, siilowa mu 600 ija. Ulendo ukalephereka, kampani iyenera kukupatsani chakudya, zakumwa, malo ogona ngati mukugona panjira, ndi galimoto yokutengerani kuhotela ndi kukubwezerani kubwalo. Udindo umenewu suchoka ngakhale chifukwa chikhale chapadera chotani. Phiri la Eyjafjallajökull litaphulika ku Iceland mu 2010, ndege zinaima masiku angapo, koma khothi linati makampani anayenerabe kusamalira anthu awo. Poti inu munalipira nokha, sonkhanitsani malisiti a hotela, a takisi ndi a chakudya, muwajambule, muitanitse ndalamazo pamodzi ndi chipepeso. Amabweza zogula zoyenera basi, ndiye ngati pa lisiti pali botolo la vinyo, musadabwe akalichotsera.

Chimodzi chokha simungachipeze: ndalama ya tikiti. Akaimitsa ndege mumasankha pakati pa kubwezeredwa ndalama yanu yonse pasanathe masiku 7, kapena kukwezedwa ndege ina. Inu munakwera ina, ndiye mbali imeneyo inatha.

Kachitidwe kake nkosavuta. Lemberani kampani imene inayenera kuulutsa ndegeyo, osati ajenti kapena tsamba limene munagulirapo tikiti. Ambiri ali ndi fomu ya madandaulo pa webusaiti yawo. Ikanimo nambala ya ndege, tsiku, nambala ya bukingi, nthawi imene munayenera kufika ndi imene munafikadi, tchulani lamulo 261/2004, nenani kuti vocha mwaikana ndipo mukufuna mayuro 600 kubanki. Chiphaso chokwerera ndege ndi mauthenga onse a pafoni musafufute. Ine zinandichitikirapo ndi kampani ina, yankho loyamba linali lokana, lolembedwa ngati analikonzeratu la aliyense. Nditalembanso ndi kutchula milandu iwiri ija, ndalama inalowa patapita milungu ingapo. Akakhala chete kapena akakana popanda umboni, kadandauleni kunthambi yoona za ndege ya dziko limene munanyamukira, ku Germany ndi Luftfahrt-Bundesamt. Nthawi muli nayo, chifukwa ku Germany dandaulo lotere limatha mphamvu pakapita zaka 3, koma musazengereze, malisiti amafufutika.

Mudzaona makampani pa intaneti olonjeza kukumenyerani nkhondo imeneyi. Amagwiradi ntchito, koma amadula pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama yanu. Pa nkhani yoonekeratu ngati yanuyi, yambani nokha. Iwowo asungeni kuti mudzawafune zikafika pofunika khothi.

Kwa ena amene mukuwerenga, musatenge nkhani ya achemwaliyi ngati ya ulendo uliwonse. Ukanakhala ulendo wobwerera, kuchokera ku Nairobi kupita ku Frankfurt, lamuloli likanagwira ntchito pokhapokha ndegeyo ili ya kampani ya ku EU. Ndege ikangochedwa osaimitsidwa, chipepeso chimayamba mukafika mochedwa ndi maola 3 kapena kuposa, ndipo nthawi yofika imawerengedwa pamene chitseko cha ndege chatsegulidwa, osati pamene matayala agunda pansi. Akakudziwitsani za kuimitsidwa kwa ulendo kudakali masiku 14 kapena kuposa, chipepeso palibe. Dziko la Britain linasunga lamulo lofanana litatuluka mu EU, ndalama zake ndi mapaundi 220, 350 ndi 520. Ku America kulibe chipepeso chokhazikika chotere, koma kuyambira 2024 kampani iyenera kubweza ndalama ya tikiti ngati yaimitsa ulendo, kapena yachedwetsa ndi maola 3 m'dzikomo kapena 6 pa ulendo wakunja, inu nkusankha kusayenda. Kumayiko ena ambiri chimene chimathandiza pa maulendo a pakati pa mayiko ndi pangano la Montreal la 1999, lomwe limabweza zimene mwatayadi chifukwa cha kuchedwa, ndipo limafuna umboni wa chilichonse.

Kafunso kamodzi achemwali: kodi tikiti yanu inathera ku Nairobi, kapena panali ndege ina yopitirira? Ngati inalipo ndipo zonse zinali pa bukingi imodzi, kuchedwa kumawerengedwa pomwe munathera ulendo wonse, ndiye m'kalatamo mulembe nthawi imeneyo. Koma ngati yachiwiriyo munagula payokha nkuiphonya, lamulo 261 siliikhudza, muyenera kuitanitsa ndalama yake padera potchula pangano la Montreal, ndipo pamenepo malire ake ndi zaka 2.