Wosaina nayenso adzafunsidwa kuti anali kuti

Adzukulu anga,

Awiri mwa inu mwandibweretsera nkhawa imodzi. Mtsikana amene wangoyamba ntchito ya uloya akuti abwana ake amamupatsa zikalata kuti asaine asanaziwerenge, ndipo akafunsa amauzidwa kuti mwana safunsa akulu. Mnyamata wowerengera ndalama akuti waona ndalama zotuluka zitalembedwa dzina lina m'mabuku, koma akuopa kutchedwa wamwano. Nonse mukufuna kudziwa ngati ulemu umene tinakuphunzitsani pakhomo ukutanthauza kutseka pakamwa.

Ndiyankha pokukumbutsani za bambo wina wa ku America, a Stanley Sporkin, amene anatisiya pa 23 Malichi 2020 ali ndi zaka 88. Anabadwira ku Philadelphia mu 1932, mwana wa woweruza milandu. Anayamba aphunzira zowerengera ndalama, kenaka malamulo ku yunivesite ya Yale, ndipo mu 1961 analowa ntchito ku SEC, bungwe la boma loyang'anira malonda a masheya. Kuyambira 1974 mpaka 1981 ndiwo ankatsogolera nthambi yozenga milandu makampani onamiza anthu ogula masheya.

Chimene ndimawakumbukira nacho kwambiri ndi funso laling'ono. Pa nthawi ya mlandu wa Watergate, wokhudza chinyengo cha andale ku America, kunamveka kuti makampani ena akuluakulu anapereka ndalama mozemba lamulo zothandizira kampeni ya Pulezidenti Richard Nixon. Dziko lonse linkayang'ana andale. A Sporkin, poti anali munthu wa mabuku, anadzifunsa kuti: ndalama zimenezi zinalembedwa bwanji potuluka? Kampani ikagulitsa masheya, ndalama zake ndi za anthu wamba amene anaikamo thukuta lawo, ndiye mabuku ake sayenera kunama. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Atatuma anyamata awo kukafufuza, anapeza matumba obisika a ndalama, monga ku kampani ya mafuta ya Gulf Oil, ndipo zambiri zinkapita ku ziphuphu kunja kwa dziko. SEC itapereka mwayi woti makampani aulule okha, oposa 400 anavomera kuti anapereka ndalama zokayikitsa zoposa madola 300 miliyoni. M'menemo ndimo munachokera lamulo la 1977 loletsa makampani a ku America kupereka ziphuphu kwa akuluakulu a maiko ena, lomwenso limalamula kuti mabuku azinena zoona.

Mnyamata iwe, waona? Sanakuwe pamsewu, sanatukwane munthu. Anangofunsa kuti ndalama zinalembedwa pati.

Atachoka ku SEC anakakhala loya wamkulu wa CIA, bungwe la ukazitape la dziko la America, ndipo pambuyo pake Pulezidenti Ronald Reagan anawasankha kukhala woweruza ku khoti la boma ku Washington, komwe anakhalako mpaka 2000. Sikuti zonse zinawayendera. Mu 1995 anakana kuvomereza mgwirizano wothetsera mlandu pakati pa boma ndi kampani ya zamakompyuta ya Microsoft poona kuti ndi wofewa, koma khoti la apilo linatembenuza chigamulo chawo n'kuwachotsa pa mlanduwo. Ndanena izi chifukwa pokumbukira malemu sitiyenera kuwasandutsa angelo.

Koma mtsikana iwe, mvetsera za 1990. Banki yosungitsa ndalama ya Lincoln Savings, ya Charles Keating, inagwa mu 1989 ndipo boma linailanda. Anthu zikwizikwi, ambiri mwa iwo okalamba ngati ine, anatsala ndi mapepala opanda pake m'malo mwa ndalama zimene anasunga moyo wawo wonse. Keating anapita ku khoti kufuna kuti amubwezere bankiyo, ndipo mlandu unagwera a Sporkin. Anamukanira. Koma sanalekere pa Keating yekha. M'chigamulo chawo anafunsa kuti maloya ndi owerengera ndalama onse aja, ophunzira bwino ndi olipidwa bwino, anali kuti pamene zoipazi zinkachitika, ndipo bwanji panalibe ngakhale mmodzi wokana kapena wochokapo. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, n'zoona, koma pa mkhatepo amamukwezapo ndi anthu, ndipo ena mwa iwo amamukweza ndi cholembera.

Funso limeneli limandilasa ine mwini. Ndili mnyamata, ndikugwira ukalaliki pa ofesi ina, ndinasaina vocha ya katundu amene ndinkadziwa kuti sanafike. Amene anandipatsa anali bambo a msinkhu wa atate anga, ndipo ndinadziuza kuti ndikuwalemekeza. Sunali ulemu, anali mantha. Nkhaniyo itaululika, amene anachotsedwa ntchito anali mlonda wa m'nyumba yosungiramo katundu, munthu wa ana asanu. Mpaka lero dzina lake silinachoke m'mutu mwanga.

Mwambo wathu sunaletsepo kufunsa wamkulu. Unatiphunzitsa kafunsidwe kake. Wamkulu sumudzudzula pagulu, sumuloza chala, sumunena kuseri. Umapempha kuonana naye pambali, umayamba ndi moni, umalankhula motsitsa mawu. Zikakanika, umadzera mwa wamkulu mnzake, monga momwe banja limadzera kwa ankhoswe. Zonsezi n'zoti mawu afike bwino, osati afere m'kamwa.

Ndiye iwe mtsikana, ukapatsidwanso chikalata, ukanene kuti, "Bwana, ndiloleni ndichiwerenge kaye, ndichibweretsa mawa m'mawa." Ukapeza chokhota, ukawaonetse tsamba lake ndi mzere wake muli awiri. Akaumirira, dzina lako usaikepo, ngakhale nkhope yawo isinthe. Iwe mnyamata, lemba funso lako pa pepala mwaulemu, uike tsiku, usunge kope lako kunyumba. Ngati yankho silibwera, pita kwa amene amaunika mabuku a kampaniyo. Ndikudziwa kuti ntchito ikuvuta kupeza masiku ano, ndipo sindikukulonjezani kuti mukatero mudzayamikiridwa. Mukakalankhula ndi abwana anuwo, mudzabwere nonse awiri mudzandiuze zimene ayankha, tidzaone pamodzi poponda phazi lachiwiri.

Ndine agogo anu.