Azakhali, kajenereta ka 950 kaja musagule

Azakhali, mwaswera bwanji ku Nkhotakota? Pepani ndachedwa kuyankha, pashopu panali anthu. Ndati ndingojambula mawu, nkhaniyi ndi yaitali. Mwafunsa ngati kajenereta kamene mwakaona ku boma, kolembedwa 950 pathanki, kangayendetse firiji yanu ya nsomba magetsi akathima. Ayi azakhali, chonde ndalama yanu isapite pamenepo.

Ndikudziwa zimene akuuzani ogulitsawo. Akuti firiji imangodya mawatsi 150, ndiye 950 ndi yambiri. Zoti imadya pang'ono ikamayenda n'zoona, koma nkhani yagona podzuka. Kumbuyo kwa firiji, cha pansi, kuli kamphika kakuda kaja, kompuresa. Kameneko kakamadzuka kamakoka moto wochuluka, kuwirikiza katatu, kasanu, mwina kuposa apo, kwa kamphindi chabe. Zili ngati wakabaza atanyamula matumba awiri a mpunga: mwendo umalira popalasa koyamba, njinga ikangoyenda zimapepuka. Ndiye firiji ya mawatsi 150 podzuka ingafune 700 kapena 900. Pomwe kajenereta kaja 950 ndi dzina chabe, mphamvu yake yeniyeni imathera cha m'ma 650.

Ine zinandionekera kuno ku Salima chaka chatha, mu Okutobala, dzuwa lija loswa mtengo. Ndinali nditapikula chambo ku Senga Bay, firiji yodzaza mpaka pakamwa. Magetsi atathima ndinalumikiza kajenereta ngati komweko, kosakaniza petulo ndi oilo. Kompuresa inkangolira mmmm, babu n'kuchita ngati likufuna kuzima, kenaka ke! n'kukhala chete. Pakapita mphindi zingapo, yayambanso. Ine ndinkati ikugwira ntchito, osadziwa kuti ikulephera kudzuka ndipo ikungotentha. Tsiku lachiwiri inapsa. Usiku umenewo ine ndi apongozi anu tinachezera kuwamba nsomba, zina tinataya. Mpaka lero ndikakumbuka mtima umandiwawa.

Ndiye chitani izi. Muuze mwana ajambule kapepala komatidwa kumbuyo kwa firiji, atumize pagulu pano. Pamenepo pamalembedwa nambala yokhala ndi A (maampu) kapena W (mawatsi). Tinene kuti alemba 1.2A. Magetsi athu kuno ndi mavoti 230, ndiye 1.2 kuchulukitsa ndi 230 ikutipatsa mawatsi 276. Imeneyo ine ndimaichulukitsanso kasanu kuti ndikhale ndi mtendere, ikukwana 1,380. Muonjezerepo mababu, TV, fani ndi kutchaja mafoni. Mukuona kuti tafika kale pa jenereta ya 2 kVA kapena 2.5 kVA (kVA ndi muyeso wa mphamvu ya jenereta). Firiji yanu ija ndimaidziwa, ndi yaikulu ngati yangayi, ndipo ine ndingakuuzeni kuti mutenge ya 2.5.

Apa musamalepo: kVA si mawatsi ndendende. Kawirikawiri ya 2.5 kVA imapereka mawatsi pafupifupi 2,000. Komanso pajenereta pamakhala manambala awiri, yaikulu yokopera wogula ndi yaing'ono. Inu muziyang'ana yaing'onoyo, ndiyo imatha kunyamula tsiku lonse. Mufunsenso ngati ili ndi AVR, kachipangizo kamene kamagwira moto kuti usamakwere ndi kutsika. Ndipo ikhale ya oilo payekha, petulo payekha.

Musapitenso ku zazikulu za 5 kVA zija. Firiji imodzi siifuna zimenezo, mungomaliza phindu la nsomba pa petulo. Jenereta yangayi imamwa pafupifupi lita imodzi pa ola, ndipo ndimaimva m'thumba. Koma pa ya 2.5 imeneyi ana asamalumikizepo ketulo, ayironi kapena hotipuleti. Ketulo yokha imatha kudya mawatsi 2,000. Mukadzagula firiji yachiwiri ya mafirizesi ija munkanena, muzidzalumikiza imodzi kaye, idzuke, kenaka inzake.

Kalizidwe kakenso n'kofunika. Lizani jenereta firiji isanalumikizidwe, ilire mphindi imodzi kapena ziwiri mawu ake akhazikike, ndiye mulowetse pulagi. Ngati magetsi angothima kumene, dikirani mphindi zisanu, kompuresa siifuna kudzutsidwa itangogona. Kugula fridge guard, kachipangizo koteteza firiji kolowetsa pa soketi, kungakuthandizeni, imadikira yokha. Pozimitsa, yambani mwazula firiji. Musalole petulo kutha firiji ili yolumikizidwa, chifukwa jenereta ikamatsamwa moto umasewera. Waya akhale wonenepa, wa saizi ya 2.5 mm, wamfupi, osati timawaya ta wailesi tija.

Tsono ichi ndikupempheni ndi mtima wonse, azakhali. Jenereta isalire m'nyumba, m'khitchini kapena pakhonde pafupi ndi windo la kuchipinda. Mu utsi wake muli mpweya wakupha umene sumveka fungo, munthu amangogona osadzukanso. Ndikudziwa mukuopa akuba. Guleni unyolo ndi loko, muimangirire panja pamalo podutsa mphepo, pokhala ndi kadenga koteteza mvula. Ndipo wina asakunamizeni kuti mungoilowetsa pa soketi ya pakhoma kuti nyumba yonse iyake. Moto umenewo umabwerera ku mawaya a pamsewu, ungaphe munthu amene akukonza pa pholo. Mukafuna zimenezo, wamagetsi wodziwa ntchito akuikireni changeover, swichi imene imadula magetsi a pamsewu nyumba ikamagwiritsa a jenereta.

Chinanso chokupulumutsirani petulo: sikuti jenereta izilira usana ndi usiku. Firiji yodzaza, nsomba zitauma gwa, imasunga kuzizira mpaka masiku awiri ngati simukutsegulatsegula. Ikakhala theka, tsiku limodzi. Ndi kutentha kwa kunyanja kuno ine sindidikira mpaka pamenepo, ndimailiza maola atatu kapena anayi m'mawa, chimodzimodzinso madzulo. Mpata wotsala ndimadzaza ndi mabotolo a madzi oundana. Koma tsiku limene mwaika kampango kapena chambo chongovuuka kumene ku Chia, ilire nthawi yaitali mpaka ziume, chifukwa nsomba yaiwisi siichedwa kufewa pamimba.

Tumizani chithunzi chija lero lomwe. Loweruka m'mawa ndikwera minibasi pa Kamuzu Road, tikasankhire limodzi, ndipo tikawauze ogulitsawo ailize pamaso pathu tisanapereke ndalama. Mundiperekere moni kwa onse kunyumba.