Mphepo ya m'mbali potera: mapazi anu akugona

Achimwene, zoti ndege ikumakuthawirani kumbali kwa runway (msewu woterapo ndege) mukatsala pang'ono kugunda pansi, aphunzitsi n'kungolanda chiwongolero osanena kanthu, musadzione ngati mbuli. Ophunzira ambiri amakakamira pomwepo chifukwa manja amakhala akugwira ntchito mapazi ali mtulo.

Masamu muzichitiratu musanakwere. Tinene kuti ndi runway 14, yoloza ku madigiri 140, mphepo ikuchokera ku madigiri 170 pa liwiro la ma knot 20, kusiyana kwake ndi madigiri 30, ndiye ya m'mbali ndi theka, ma knot 10. Pa madigiri 45 tengani magawo atatu mwa anayi, akafika 60 ingowerengani yonse. Buku la ndege ya Cessna 172 limatchula mphepo ya m'mbali ya ma knot 15, la 152 limatchula 12, koma manambala amenewo anawapeza ndi akatswiri oyesa ndege, osati munthu wa maola khumi. Akakuuzani kuti 12 gusting 22 (mphepo ndi ma knot 12 koma imakwera mwadzidzidzi kufika 22), kusiyana kwake ndi 10, onjezani theka lake, 5, pa liwiro lotera basi. Mukaonjeza kwambiri ndege imangoyandama pamwamba pa runway, mphepo n'kumaikankha mmene ikufunira. Flaps (zigawo za kumbuyo kwa mapiko zomwe mumatsitsa potera) musatsitse onse, madigiri 20 amakwana.

Pa final, pomwe mwalunjika runway mukutsika, zonse zimaoneka bwino, mphuno yapenya kumphepo, ndege ikutsata mzere. Zimavuta pa flare, pomwe mukudzutsa mphuno pang'ono kuti mukhudze pansi. Tinene kuti mphepo ikuchokera kumanja. Mwaponda rudder (chiwongolero cha kumchira choponda ndi mapazi) yakumanzere kuti mphuno iwongoke ndi mzere wapakati, nthawi yomweyo ndege yayamba kutsetserekera kumanzere. Apa ndi pofunika kutsitsa phiko lakumanja ndi aileron (chopendeketsa mapiko, cha m'manja) n'kulisunga pansi. Phazi ntchito yake ndi mphuno, dzanja ntchito yake ndi kuletsa kutsetsereka, musazisakanize. Koma thupi limakana! Mumamva ngati mwapendekeka, ngati phiko likhula pansi, ndiye dzanja limawongola mapiko lokha inu osadziwa. Ndege n'kugunda pansi ikuyenda cham'mbali, matayala kulira, kudumpha kamodzi, mzere woyera uja mwauona uli pawindo lakumanja. Pamenepo liwiro latsika, ziwongolero zafooka, zikufuna muonjezere pomwe inu mukuchepetsa. Kutera koyenera tayala lakumanja ndilo limayamba kukhudza, kenako lakumanzere, lakutsogolo pomalizira. Ndipo mukatera musapume. Apa ndi pamene ambiri amabweza chiwongolero pakati, mphepo n'kulowa pansi pa phiko lakumanja, kukankha mchira, mphuno n'kutembenukira kumphepo molunjika ku udzu. Liwiro likamatsika muzipotozabe aileron kumphepo mpaka kumapeto. Maso akhale kumapeto kwa runway, osati pansi pa mphuno.

Chimene chimandipsetsa mtima ndi aphunzitsi ena. Windsock (nsalu yoonetsa mphepo pabwalo) ikangodzuka pang'ono akuti lero sitiuluka, kapena mukauluka iwo akuponda rudder mwakachetechete, inu n'kumaganiza kuti mwatera nokha. Ena amangokuwa "rudder, rudder" osanena iti, yochuluka bwanji. Munthu akulipira ndalama zankhaninkhani pa ola, mapeto ake mphepo yeniyeni akukakumana nayo ali yekha pa solo. Ndi nkhanza zimenezo, ndipo zimathyola ndege. Awuzeni maso ndi maso: akagwira chiwongolero anene kuti agwira. Apempheninso muuluke motsika pamwamba pa runway osagunda pansi, phiko lili pansi, mphuno ili pamzere, katatu kapena kanayi. Mapazi amaphunzira pamenepo. Akakana, sinthani mphunzitsi.

Komabe panopa mphepo musaithamangire. Masana kukatentha, makamaka mu Okutobala, mpweya umawinduka zedi, ndege imagwa n'kukwera yokha, palibe chimene mungaphunzire. Bukani m'mawa kusanatenthe, yambani ndi ma knot 5 a m'mbali, mukawazolowera mufike 8. Rudder ikafika pansi mphuno isanawongoke, kapena mwadumpha n'kuchoka pamzere, musakakamize: throttle (mphamvu ya injini) yonse, carb heat (yotenthetsa mpweya wolowa mu injini) izimitsidwe ngati ndege yanu ili nayo, flaps muchotse pang'onopang'ono, go-around: kwerani, muzungulire n'kuyesanso kutera. Ngati ilipo runway ina yoyang'ana kumphepo ipempheni.

Pobwerera ku apron (poimika ndege) musaiwalenso: mphepo ikachokera kutsogolo cham'mbali potozerani chiwongolero komwe ikuchokera, ikachokera kumbuyo chikankhireni kutsogolo n'kupotozera mbali inayo.