Kwa madam a ku Dwangwa amene apatsidwa ntchito ya uphungu pa sukulu

Madam, ndaona funso lanu: ahedi akusankhani kukhala mphunzitsi wa uphungu pa CDSS yanu, za matenda a maganizo simunaphunzirepo, ndiye mukufunsa kokaphunzira komanso kotumiza mwana zinthu zikafika povuta. Ine ndili kuno ku Salima, nanenso anangondiloza chala pa msonkhano wa aphunzitsi poti ndimaphunzitsa Life Skills. Ndilemba motalikirapo, mundipirire.

Ndiyambira kotumiza mwanako, chifukwa vuto silidikira setifiketi. Sabata yomwe ino kwerani galimoto mupite ku chipatala cha boma ku Nkhotakota, mukafunse namwino woona za matenda a maganizo. Mukadziwane naye, akuuzeni masiku amene amaona odwala, mutenge nambala yake. Pobwerera mudzere ku ofesi ya Social Welfare ndi ku Victim Support Unit ku polisi. Ndikudziwa kuti kuchoka ku Dwangwa kufika pa boma ndi kamtunda ndipo thiransipoti ituluka m'thumba mwanu, koma tsiku limene mwana adzagwe m'manja mwanu mudzayimbira munthu wokudziwani nkhope. Lembaninso pa bolodi la zidziwitso manambala aulere awa: 116 ya ana, imene amayendetsa a YONECO a ku Zomba, ndi 5600 ya nkhanza. Pali ana amene amamasuka pa foni kusiyana ndi pamaso pa mphunzitsi amene mawa lake awachongera mayeso.

Makolo akangomva mawu oti matenda a maganizo amaganiza za ku Zomba Mental, ndipo amathawa naye mwana. Auzeni kuti ambiri amathandizidwa pa chipatala cha pa boma pomwepo n'kubwerera kunyumba tsiku lomwelo. Zikakula, a chipatala ndiwo amatumiza ku Zomba kapena ku St John of God, amene ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Mukakumananso ndi mabanja oti mwana walodzedwa kapena ali ndi ziwanda. Ine ndinasiya kutsutsana nawo. Ndimangoti, "Bambo, mapemphero apitirire, koma mawa tiyeni akamuonenso adokotala." Nthawi zina zimapezeka kuti ndi khunyu kapena malungo aakulu, zoti mankhwala ake alipo.

Ana athu sabwera n'kunena kuti ndakhumudwa. Amati mutu sukusiya, mtima ukuthamanga, tulo sitikubwera, ndikuganiza kwambiri. Ena sanena kanthu, mumangoona mtsikana amene ankakhoza wayamba kukhala kumbuyo, kope lilibe notsi. Komabe musafulumire kutchula matenda. Kwathu kuno kunyanja mnyamata wosinza m'kalasi mwina wachezera pa bwato usiku wonse kusaka usipa kuti apeze fizi. Wina ali pa selofu, ufa unatha Lachiwiri. Funsani kaye kuti wadya chiyani, wagona kuti, akukhala ndi ndani.

Pali nkhani ziwiri zimene simuyenera kugona nazo. Mwana akagwiriridwa, afike ku chipatala pasanathe maola 72 kuti alandire PEP woteteza ku HIV ndi mankhwala oletsa mimba, ndipo apolisi adziwe. Achibale akati tikambirana pachiweniweni, wolakwayo alipire mbuzi, inu musalowe nawo m'zimenezo. Ina ndi ya kudzipha. Mukakayikira, mufunseni mosazungulira: "Kodi unaganizapo zodzipha?" Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu, ambiri amapumira m'mwamba kuti wina wafunsa. Akavomera, musamusiye yekha, itanani kholo kapena womuyang'anira amene mwanayo amamukhulupirira, achotse tameki, mankhwala a m'munda ndi zingwe pakhomo, ndipo apite ku chipatala tsiku lomwelo.

Tsopano za chinsinsi, pamene ine ndinapsa napo. Chaka changa choyamba, pa sukulu ina imene sinditchula, mtsikana wa fomu 3 anandiuza kuti ndi woyembekezera. Ndinakafotokozera ahedi mu sitafu rumu, aphunzitsi ena akumwa tiyi pompo. Pofika nthawi yoweruka nkhani inali itafika kale kumsika. Mwanayo sanabwerenso, ngakhale ndondomeko yolola atsikana kubwerera ku sukulu akabereka ilipo kuyambira 1993. Choipa china, teremu yonseyo palibe mwana anagogodanso pa chitseko changa. Kuyambira pamenepo ndimayamba ndi mawu awa: "Zimene undiuze zithera pano, pokhapokha ngati moyo wako kapena wa wina uli pa chiopsezo, ndipo ndisanauze munthu ndiyamba ndakuuza iweyo." Ndinatulukanso mu komiti yosungitsa mwambo. Amene wapatsa mwana chibalo m'mawa sangamve zakukhosi kwake masana. Ngati ahedi akuikani pa ntchito zonse ziwiri, ya uphungu ndi yosungitsa mwambo, kanani imodzi mwaulemu.

Za maphunziro. Ngati mukufuna pepala lenileni, St John of God College of Health Sciences ku Mzuzu amaphunzitsa za uphungu, ndipo ku Lilongwe kuli Guidance, Counselling and Youth Development Centre for Africa. Alembereni mufunse nthawi yolembera ndi fizi. Podikira zimenezo, tsitsani pa intaneti kabuku kaulere ka bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO ka 2011 ka Psychological First Aid. Mfundo zake n'zitatu basi: yang'ana, mvetsera, lumikiza munthu ndi thandizo. Werenganinso za Friendship Bench ya ku Zimbabwe, imene anayambitsa Dr Dixon Chibanda. Anaphunzitsa agogo wamba kumvetsera anthu pa benchi panja pa chipatala, kuwathandiza kusankha vuto limodzi ndi kupeza chochita nalo, ndipo zinathandiza. Ine zinandichotsa mantha oti popanda digiri ndingoononga ana.

Mawekishopu a mabungwe akabwera pitani, koma musawadalire. Tikudziwana, mayina amene amapita kumeneko nthawi zina amasankhidwa poyang'ana alawansi. Chimene chinatipindulira ife n'chotchipa: tinapempha kuti pa CPD ya kilasita (maphunziro owonjezera a aphunzitsi a sukulu zoyandikana) tiitane namwino woona za matenda a maganizo wa kuno kwathu adzatiphunzitse zizindikiro, ndipo aphungu a sukulu zoyandikana timakumana kamodzi pa teremu kukambirana nkhani zovuta osatchula dzina la mwana. Kumeneko n'kumene nanenso ndimatulira zanga, chifukwa nkhani zina ukazimva nsima siilowa. Amayi a mother group, gulu la amayi a m'midzi lothandiza ana pa sukulu, musawasiye kunja, amadziwa khomo lililonse ndipo amafika kumene inu simungafike.

Kwa ahedi pemphani zinthu ziwiri. Akuchotsereni mapiriyodi angapo kuti ana adziwe ola limene mumapezeka, ndiponso akupatseni malo. Ofesi ikasowa, benchi pansi pa mtengo wa mango ikwana, poti anthu azikuonani koma asamve, makamaka mwanayo akakhala mnyamata. Kope lolembamo nkhani za ana muzilemba ndi manambala m'malo mwa mayina, ndipo lizikhala mu kabati yokhoma, kiyi ali kwa inu.